Mkamireni bere, mwana wapsa

Ndi mwezi wa Julayi, 6 koloko yangokwana kumene, ndipo pa Chimbiya nkhungu idakali pansi. Mphepo yotsika m'mapiri a Dedza ikuboola juzi mpaka kufika pafupa. M'mbali mwa msewu wa M1 amayi aunjika kale kachewere, tomato ndi anyezi, maso ali kumsewu, kudikira minibasi yoyamba yochokera ku Lilongwe.

Kuseri kwa mulu wa kabichi khanda likulira.

Si kulira kwa njala. Bere alipatsa, layamwa pang'ono, lalavula. Akalibweza kumsana likudzipinda ngati lakhalira minga.

Mayi wake wakhala pa thumba n'kuyamba kumasula. Chitenje choyamba, chachiwiri, shawelo, kajuzi, kabuluku kaubweya. Pomaliza pampasi, wolemera ndi mkodzo wa usiku wonse.

Pansi pake khungu lafiira psuu, likunyezimira ngati lathiridwa madzi otentha.

Amayi a milu yoyandikana asuzumira. Palibe wadabwa. Mawu amene akutuluka ndi omwe aja amamveka pakhomo lililonse pamene pali khanda m'midzi ya kuno: wapsa ndi mkodzo uyu, mkamireni bere.

Mayiyo wapukuta mwana ndi kansalu konyowa. Wafinya bere, madontho angapo agwera pachikhatho. Akupaka pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala, pamatako ndi m'mphechepeche. Kenako wamufukata, msana wake walozetsa kumphepo, akudikira kuti mkakawo uume.

Sanalipire kalikonse. Sanakwere kabaza. Sanaime pamzere wa kuchipatala.

Funso limene landibweretsa kuno ndi lomwe amayi ambiri achitsikana akufunsana masiku ano, kumudzi ndi m'tauni momwe: kodi madontho amenewa amachizadi?

Kupsa kopanda moto

Ena amati mwana wapsa. Ena amati wanyuka, kapena wasupuka. Ena amangoti thewera lamudya. Onsewa akunena chinthu chimodzi, ndipo ana ambiri amakumana nacho asanafike posiya matewera.

Khungu la khanda ndi lopyapyala. Likakhala m'chinyezi nthawi yaitali limafewa, monga zimachitira zala za munthu amene watandala kudambo akuchapa. Khungu lofewa silichedwa kunyuka nsalu ikamalikhula.

Mkodzo pawokha suvuta kwambiri. Zinthu zimaipa ukakumana ndi chimbudzi. Tizilombo ta m'chimbudzi timaphwanya mkodzowo n'kutulutsa ammonia, fungo lobaya m'mphuno lija limene mayi aliyense amalidziwa akamasula thewera la m'mawa. Ammonia ameneyu amadzutsa timadzi togaya chakudya timene timatuluka limodzi ndi chimbudzi. Timadzito, tikapeza khungu lofewa kale, timayamba kulidya.

N'chifukwa chake mwana wotsegula m'mimba amapsa msanga, nthawi zina m'tsiku limodzi lokha.

N'chifukwa chakenso vutoli limakula mwana akayamba phala. Chakudya chikasintha, chimbudzi chimasinthanso, ndipo miyezi ya pakati pa 9 ndi 12 ndi imene ana ambiri amavutika nayo. Imeneyi ndi miyezi yomwe mwana amameranso mano, motero mano ndi amene amasenza mlandu m'makomo ambiri.

Nzeru yochokera kukhonde

M'midzi yambiri ya Achewa yozungulira Chimbiya, mkamwini ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Mtsikana akachira, amatuluka m'chikuta ali pakati pa mayi ake, azakhali a kuchikazi ndi agogo ake. Sukulu yake yolera mwana ili pakhonde pomwepo. Kasambitsidwe, kaberekedwe, kamvedwe ka kulira kwa njala ndi kulira kwa ululu, zonse amaphunzira kwa anthu amene analera ana asanu ndi awiri kapena khumi kopanda sitolo yogulitsa mankhwala pafupi.

Kwa amayi amenewa bere si chakudya chokha. Mwana akadzikanda ndi chikhadabo, amamukamira. Mphuno zikatseka, amamukamira. Nsonga ya bere ikang'ambika, mayi amadzipaka mkaka wake womwe.

Ndipo sanayambe zimenezi mwaumbuli.

Mkaka wa m'mawere ndi chinthu chamoyo. Muli asilikali a m'thupi la mayi amene madokotala amawatcha IgA. Muli lactoferrin, amene amalanda tizilombo chitsulo chimene timafuna kuti tichulukane. Muli lysozyme, amene amaswa makoma a mabakiteriya ena. Muli mafuta ofewetsa khungu, ndiponso timichere tothandiza khungu latsopano kumera. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene kale ena ankaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa, ndiye wodzaza kwambiri ndi chitetezo.

Agogo sanadziwe maina amenewa. Anangoona kuti akapaka, nthawi zambiri mwana amagona.

Zimene anapeza ku Arak ndi ku Istanbul

Nkhaniyi si ya kuno kokha. Amayi a ku Asia, ku Ulaya ndi ku America amachitanso zomwezi, ndipo akatswiri ena anaganiza zoiyesa.

Mu 2013 magazini ya madokotala a khungu la ana yotchedwa Pediatric Dermatology inasindikiza kafukufuku wochitikira mumzinda wa Arak, m'dziko la Iran. Anatenga ana 141 opsa ndi thewera n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linkapakidwa mkaka wa amayi awo. Lina linkapakidwa hydrocortisone wa mphamvu ya 1 peresenti, mankhwala amene madokotala amapereka khungu likatupa ndi kufiira. Patatha sabata imodzi magulu onse awiri anali atapeza bwino mofanana.

Mkaka waulere unafanana mphamvu ndi mankhwala a m'chubu.

Chaka chotsatira, mu 2014, magazini ya anamwino ya Journal of Clinical Nursing inatulutsa kafukufuku wina, wochitikira m'chipinda cha makanda odwala pachipatala china cha ku Istanbul, m'dziko la Turkey. Kumeneko makanda anali 63. Ena anawapaka mkaka wa m'mawere, ena mafuta ochindikala okhala ndi zinc oxide wa 40 peresenti. Apa mafuta aja anapambana, makamaka pa makanda amene anali atapsa kwambiri.

Mukaika awiriwa pamodzi, yankho likuoneka. Pa kupsa kongoyamba kumene, khungu litangofiira koma lisanang'ambike, bere limathandiza. Kupsa kukazama, pamafunika chinthu chokhala pakhungu ngati khoma, chotchinga mkodzo ndi chimbudzi kuti zisafikepo. Mkaka sungachite zimenezo. Umauma, ndipo mkodzo woyamba umautsuka.

Pali chinthu china chimene ndinachiona ndi maso pamsika paja, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chofunika ngati mkaka weniweniwo. Mayi asanapake, anayamba wachotsa thewera lonyowa. Anatsuka mwana. Atapaka, anadikira kuti paume. Pa mphindi zimenezo khungu linapuma mpweya kwa nthawi yoyamba chigonere dzulo.

Kutsuka, kuumitsa, kusiya pamtunda. Namwino aliyense wa kusikelo amayambira pamenepo.

Thewera limene silichoka

Ngati mankhwala ali pachifuwa pomwepo, n'chifukwa chiyani mwana yemweyo amapsanso sabata yamawa?

Yankho lili m'chikwama cha mayi wake.

Zaka za m'mbuyomu mwana wa kumudzi ankavala thewera lansalu, kapena nsanza za chitenje chakale, ndipo masana ambiri ankakhala wopanda kanthu pamphasa. Lero m'timagolosale ndi m'maokala a pa Chimbiya, monga m'misika ina yonse ya m'mbali mwa M1, mapampasi apachikidwa pafupi ndi sopo ndi machesi. Wogula paketi yonse ndi wa malipiro a pamwezi. Ambiri amagula mmodzimmodzi.

Ndipo mitengo yake imatsatira dola. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Chilichonse chodutsa pachipata cha dziko chinakwera, mapampasi ndi mafuta opaka ana omwe.

Mayi wogulitsa tomato akagula pampasi mmodzi, amafuna kuti amufikitse madzulo. Amamugwira ndi dzanja kumva kulemera kwake, n'kunena kuti akadali bwino. Sikuti sakonda mwana wake. Akuwerengera: pampasi wachiwiri ndi mchere ndi kamafuta ka ndiwo za usiku.

Akatswiri a ana amalangiza kusintha thewera likangonyowa, kapena pakangopita maola awiri kapena atatu, ndipo nthawi yomweyo mwana akachita chimbudzi. Kwa khanda zimenezo zikutanthauza matewera asanu ndi atatu kapena khumi patsiku. Uzani mayi wa pamsika zimenezi, akuyang'anani kaye asanayankhe.

Ndiye abwerere ku thewera lansalu?

Kumenekonso kuli phiri lake. Thewera lansalu limafuna madzi ambiri: ochapira, otsukuluzira, otsukuluziranso, chifukwa sopo wotsalira munsalu nayenso amaotcha khungu. Madziwo ali kumjigo, ndipo ndowa imene yabwera pamutu ikudikiridwa ndi nsima, mbale ndi osamba. Sopo ndi ndalama. Nkhuni zotenthetsera madzi ndi ulendo wina.

Ukachapa, uyanike pati? Dedza ndi dziko lozizira. Boma lenilenilo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi kumatha kucha mpaka kuda dzuwa osaoneka bwino. Thewera lochapidwa m'mawa limafika madzulo lidakali lachinyezi. Ena amaliwamba pamoto, n'kutuluka likununkha utsi. Ena amangomuveka mwana lomwelo losaumitsitsalo, pamwamba n'kuphimba ndi kabudula wapulasitiki kuti chitenje cha amayi chisanyowe.

Kabudula ameneyo amasunga chitenje. Khungu la mwana amaliphika.

Dzinja likafika vuto limangosintha nkhope. Mvula imagwa masiku otsatizana, matewera amayanikidwa m'nyumba. Oyanikidwa pansi kapena paudzu amatha kuikiridwa mazira ndi ntchentche zija zimabweretsa mphutsi pakhungu, ndipo kuti mazirawo afe pamafunika simbi yamoto. Makala a simbi nawonso ndi ogula.

Chisanu chili ndi mlandu wina. Mayi woopa chibayo amakulunga mwana nsalu zinayi kapena zisanu, ndipo kumumasula panja pamphepo kumaoneka ngati nkhanza. Amazengereza. Kunja kukuzizira, koma m'kati mwa nsalu zija muli thukuta, mkodzo ndi kutentha, ndipo mwanayo wapanikizika kumsana maola ambiri mayi akupeta, akulima kudimba kapena akuthamangira minibasi ndi beseni la kachewere.

Apa ndiyenera kunena za abambo. Pakhomo pamene bambo amatunga madzi pa njinga, kuwaza nkhuni, kapena kuika padera ndalama ya sopo asanapite kukacheza, matewera amasinthidwa kawirikawiri. Kupsa kwa mwana timakuona ngati nkhani ya amayi okhaokha, mpaka kumawanena kuti ndi auve. Komatu zambiri zimene zimapsereza mwana ndi kusowa kwa madzi, nkhuni, sopo ndi nthawi, ndipo zonsezi bambo angathe kuzibweretsa.

Zina zimene zimapakidwa

Ndikayerekeza bere ndi zinthu zina zimene zimafika pamatako a makanda, ndimaona kuti agogo anasankha chofatsa.

Pali paudala. Amanunkhira bwino, ndipo ndi mphatso imene siilephera pa chikuta. Koma paudala akakumana ndi mkodzo amaumbika m'makwinya a khungu n'kumakhula. Choopsa kwambiri ndi fumbi lake, limene khanda limatha kupumira m'mapapo. Madokotala a ana akhala akuletsa zimenezi kwa zaka zambiri. Kampani ya Johnson & Johnson, itazengedwa milandu yambiri ku America, inalengeza mu 2022 kuti kuyambira 2023 isiya kugulitsa paudala wa talc padziko lonse, ngakhale imanenabe kuti paudala wakeyo analibe vuto.

Pali timachubu ta pamsika. Ena mwa mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa pamphasa ali ndi mankhwala amphamvu monga betamethasone ndi clobetasol. Mayi amene anaona tiziphuphu take titazimirira amaganiza kuti mwananso athandizika. Tsiku loyamba kufiira kumachepadi. Koma pansi pa thewera, pofunda ndi ponyowa, mankhwala otere amalowa m'thupi la khanda mochuluka, amapyapyalitsa khungu, ndipo ngati pali mafangasi amawapatsa mpata woti afalikire. Ngakhale hydrocortisone wa ku Arak uja, amene ndi wofooka kwambiri pagulu la mankhwala amenewa, sapakidwa popanda uphungu wa achipatala ndipo sapitirira masiku ochepa. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno la PMRA lili ndi ntchito yaikulu m'misika yathu.

Palinso phulusa, makala osinja ndi masamba otafuna. Pakhungu long'ambika, zimenezi zimalowetsa dothi m'chilonda.

Chimene chimagwira ntchito mwakachetechete ndi Vaseline wamba, wopanda zonunkhiritsa, amene amapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse. Sachiza, koma amamanga khoma lija. Mayi amene watsuka mwana, wapaka mkaka, wadikira kuti uume, kenako n'kupaka Vaseline mochindikala, wachita zonse zimene zingachitike pakhomo. Amene angakwanitse mafuta a zinc oxide ku famase wachita bwino koposa.

Liwu lofunika pamenepa ndi kuuma. Mkaka uli ndi shuga. Kuuphimba udakali wonyowa ndi kuwonjezera chinyezi pamalo pamene pavulala ndi chinyezi.

Kupsa kumene bere silingathe

Apa ndi pamene mtima wanga suli pansi.

Vuto la mankhwala apakhomo si kulephera kwake kokha. Ndi masiku amene amadya. Mayi amapaka lero, mawa, mkuja, akuyembekeza kusintha, ndipo matenda ena amene amaoneka ngati kupsa ndi thewera sadikira.

Vuto loyamba ndi fangasi wotchedwa Candida. Kupsa wamba kumagwira malo otumphuka amene amakhudzana ndi thewera, m'makwinya n'kukhala moyera. Candida amachita zosiyana. Amalowa m'makwinya mwenimwenimo, amafiira kwambiri ngati nyama yaiwisi, ndipo m'mbali mwake mumamera timadontho tofiira tomwazikana. Kawirikawiri mukatsegula kamwa la mwanayo mumapeza zoyera zomatirira palilime ndi m'masaya, zosachoka mukapukuta. Mayi naye nsonga za mawere zimatha kumuwawa ngati zikubayidwa ndi singano. Candida amakonda kubwera mwana akangomaliza kumwa mankhwala opha mabakiteriya, kapena kupsa wamba kukatha masiku atatu osapola.

Fangasi ameneyu amakonda pofunda, ponyowa ndi pa shuga. Amafuna mankhwala ake, monga nystatin kapena clotrimazole, ndipo nthawi zambiri mayi ndi mwana amayenera kuthandizidwa limodzi kuti asamapatsirane.

Lachiwiri ndi loopsa kuposa pamenepo, ndipo limabisala m'chikhulupiriro chathu.

Mwana wosowa zakudya m'thupi, amene wafika potupikana, khungu lake limada m'malo ena n'kuyamba kusendeka ngati penti wakale pakhoma. Kusendekako kumakonda kuyambira pamatako ndi m'mphechepeche, malo omwe aja a thewera. Mapazi amatupa, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Tsitsi limafiirira n'kumathothoka. Mwana amakhala wokwiyakwiya, chakudya osachifuna.

Kumudzi zizindikiro zimenezi zili ndi dzina lakale: tsempho. Akuluakulu amayamba kufunsa kuti ndani wadumpha mwambo, bambo kapena mayi. Banja limakhala pansi, ena amapita kukafuna mankhwala achikuda. Masiku akupita.

Sindinabwere kudzanyoza miyambo ya makolo. Koma mwana wotupa mapazi onse awiri ndi wofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko kuli mkaka wapadera ndi chiponde, ndipo ana ambiri amene afika msanga amachira. Milandu ya m'banja ingathe kukambidwa mwana ali kale m'manja mwa anamwino. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Njala ya m'thupi la mwana si mlendo m'midzi yathu, ngakhale kuno kumene magalimoto amadzaza nyemba, soya ndi mtedza kupita nazo m'tauni.

Lachitatu ndi la makanda osakwana miyezi iwiri. Khanda lotere likatuluka matuza kapena tizilonda tamafinya, likatentha thupi kapena kuzizira modabwitsa, likasiya kuyamwa, likangofooka, palibe za kuyesa kaye bere. Thupi lake silinakhwime, ndipo tizilombo tolowera pakhungu timafika m'magazi mofulumira. Ngakhale alangizi a zaumoyo amene amayendetsa zipatala za m'midzi, zothandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu, khanda laling'ono chotere amalitumiza kuchipatala chachikulu.

Ndipatuke pang'ono, ndinene za maso, poti dzanja limene limakamira pamatako ndi lomwe limakamiranso m'diso. Khanda la masiku ochepa likatupa zikope n'kumatuluka mafinya ambiri, kangakhale kachilombo ka chinzonono kamene lakatenga pobadwa. Kameneka kamatha kuboola diso m'masiku owerengeka. Kukamira bere pamenepo n'kudikira kungasiye mwana wosaona moyo wake wonse.

Bere la mwini

Pali lamulo limodzi limene siliyenera kuphwanyidwa: mkaka wopaka mwana ukhale wa mayi wake.

Kumudzi timathandizana. Mayi amene mkaka wake wachepa, kapena agogo amene akulera mwana wamasiye, angathe kupempha mnansi woyamwitsa kuti amukamireko pang'ono. Mtima wake ndi wabwino. Koma mkaka wa m'mawere umatha kunyamula HIV, ndipo khungu long'ambika ndi khomo lotseguka.

Dziko la Malawi linachita chinthu chachikulu mu 2011 pamene linakhala loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV pa ma ARV a moyo wonse, njira imene inatchedwa Option B+ ndipo maiko ena anatengera. Chifukwa cha njira imeneyi amayi ambiri amene ali ndi kachilomboka akuyamwitsa ana awo n'kukula opanda kachilombo. Mayi wotere apitirize kuyamwitsa ndi kumwa mankhwala ake mokhulupirika monga anamulangizira. Koma pachilonda chotseguka cha mwana asapakepo mkaka. Madzi oyera, mpweya ndi Vaseline zilipo.

Ntchito yaikulu ya bere ili pakamwa

Chodabwitsa n'chakuti bere limateteza matako a mwana kwambiri likalowera kukamwa kuposa likapakidwa.

Mwana woyamwa bere lokha chimbudzi chake sichiotcha khungu ngati cha mwana wa mkaka wa m'chitini, ndipo satsegula m'mimba kawirikawiri. Kutsegula kukachepa, kupsa kumachepanso. Katemera wa rotavirus, amene anayamba kuperekedwa kusikelo mu Okutobala 2012, amathandizanso mbali yomweyo. Mwana akatsegulabe m'mimba, madzi a Thanzi ndi mapiritsi a zinc, pamodzi ndi kuyamwitsa pafupipafupi, ndi zimene zimafupikitsa masiku a ululuwo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi Unduna wa Zaumoyo amanena chimodzi: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, popanda madzi, phala kapena dawale, kenako kupitiriza bere limodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 mpaka pa 7 Ogasiti uthengawu umamveka pa wailesi.

Koma ziwerengero zinabwerera m'mbuyo. Mu 2010 ana 71 pa 100 alionse osakwana miyezi 6 ankayamwa bere lokha. Pofika 2015 mpaka 2016 anatsika kufika pa 61.

Pamsika ngati uno chifukwa chake sichisowa. Mwana akalira kwambiri, mawu oyamba a achikulire amakhala akuti bere silikumukwana, mpatseni kaphala. Kaphala ka miyezi itatu kamabweretsa kutsegula m'mimba, kutsegulako kumabweretsa kupsa, kupsa kumawonjezera kulira. Ndipo anthu omwe aja anati bere silikukwana ndi amene amadzati mkamireni bere.

Dzuwa likatuluka

Cha m'ma 11 koloko nkhungu yachoka pa Chimbiya. Malole aima, anyamata akukweza matumba, utsi wa chiwaya cha tchipisi ukudutsa pamsewu. Amayi avula majuzi n'kuwamanga m'chiuno.

Mayi uja wayala chitenje kuseri kwa mulu wake, pamalo obisika kumphepo. Wamugoneka mwana chafufumimba, kumtunda atavala kajuzi, kumunsi alibe kanthu. Kufiira kudakalipo, koma m'makwinya ndi moyera, palibe timadontho, palibe chilonda. Wamutsegula kukamwa ndi chala, lilime lili bwino. Wadina phazi, silinasiye dzenje.

Mwanayo akuponya timiyendo, akuyesa kugwira tsamba la kabichi.

Wakodzera pachitenje. Mayi wake wangochikoka, wapinda ponyowapo, wamugonekanso pouma. Wafinya bere kachiwiri, wapaka, wadikira. Kenako watulutsa kabotolo ka Vaseline kamene katsala pang'ono kutha, wakomba ndi chala cha mkombaphala.

Lero ndi tsiku loyamba. Mawa aonanso. Likafika lachitatu khungu lisanasinthe, buku la kusikelo lili m'chikwama momwemo, ndipo mulu wa kabichi adzausiya m'manja mwa mnzake wa pambali.

M'chikwamamo mwatsala pampasi mmodzi. Wamutulutsa, wamuyang'ana, wamubwezera. Ameneyo ndi wa usiku.

Minibasi yochokera ku Dedza yaima, mawindo atseguka, manja akukodola. Amayi onse anyamuka ndi mabeseni. Iye watsalira pang'ono, akumangira mwana nsanza youma ya chitenje momasuka, kenako wamuponya kumsana, wanyamula kabichi ziwiri n'kuthamangira kumsewu.